Mawu Opatula a 1969 ndi Othawa Kwawo a mu Lusaka

M'malamulo oyendetsera ubale wa mayiko muli mwambo umene umalola boma kulowa m'pangano la mayiko ambiri koma n'kunena poyera, pa nthawi yosaina kapena yotsimikiza panganolo, kuti ndime yakutiyakuti silidzaitsata, kapena kuti lidzaitsata mwa njira yakeyake. Mawu otere amatchedwa mawu opatula, chifukwa amachotsa ndime imodzi kapena zingapo pa zimene boma lavomera, ndipo amatumizidwa kwa wosunga pangano, amene pa mapangano ambiri a masiku ano ndi mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations ku New York. Kawirikawiri amakhala afupiafupi, ndipo amene amawawerenga ndi akatswiri a malamulo okha. Komatu mu mzinda wa Lusaka muli anthu zikwizikwi ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi Somalia amene malo awo ogona, ntchito zawo ndi maulendo awo zimayendetsedwa ndi malamulo omwe chitetezo chake pamaso pa mayiko ena ndi mawu opatula anayi amene boma la Zambia lidapereka pa 24 Seputembala 1969.

Mwambowu ndi wakale, koma malamulo ake adasintha kwambiri pakati pa zaka za m'ma 1900. M'masiku a League of Nations, bungwe limene lidakhazikitsidwa itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pangano linkatengedwa ngati mgwirizano umene mbali imodzi singausinthe payokha, kotero boma lofuna kupatula ndime linkayenera kuvomerezedwa ndi mayiko onse a m'panganolo, ndipo likakanidwa ndi dziko limodzi lokha linkayenera kusankha pakati pa kusiya mawu akewo ndi kutsala kunja. Khonsolo ya League idatsimikiza lamuloli mu 1927, dziko la Austria litayesa kupatula zina m'pangano la 1925 lokhudza malonda a mankhwala ozunguza bongo. Mayiko a ku America okha ndiwo adali ndi njira yofewerapo, imene inkalola boma lopatula kukhala m'pangano limodzi ndi mayiko amene avomera mawu ake, ngakhale ena atawakana.

Njira ziwirizi zidawombana pa pangano loletsa kupulula mtundu wa anthu, limene lidakhazikitsidwa pa 9 Disembala 1948. Dziko la Soviet Union ndi anzake angapo adapatula ndime 9, imene imapatsa khoti la mayiko onse la ku The Hague mphamvu yoweruza mikangano yochokera m'panganolo, mayiko ena adatsutsa, ndipo mlembi wamkulu sadadziwe ngati opatulawo awawerenge m'gulu la olowa kapena ayi. Msonkhano waukulu wa United Nations udapempha uphungu wa khotilo, ndipo pa 28 Meyi 1951 oweruza 7 adagwirizana, pamene 5 adakana, kuti dziko lopatula likhoza kuwerengedwa ngati lolowa m'pangano malinga ngati mawu ake sakugwetsa cholinga ndi phata la panganolo. Maganizo a oweruza ochulukawo adali akuti pangano loteteza miyoyo ya anthu limafunika mayiko ambiri ndithu, ndipo kutsekera dziko kunja chifukwa cha ndime imodzi yaing'ono n'kutaya chachikulu pofuna kusunga chaching'ono. Oweruza okanawo, kuphatikizapo Sir Arnold McNair wa ku Britain, adachenjeza kuti muyeso watsopanowu ulibe mwini, popeza dziko lililonse lidzadziweruzira lokha chimene chili phata la pangano ndi chimene sichili. Chenjezo limeneli lidali loona, ndipo mavuto ambiri a m'zaka zotsatira adachokera pomwepa.

Ngakhale zidali choncho, muyeso wa 1951 ndi umene udapambana. Akatswiri a International Law Commission, motsogozedwa ndi Sir Humphrey Waldock pa nkhaniyi, adaulowetsa m'zolemba zimene zidasanduka Pangano la ku Vienna la Malamulo a Mapangano pa 23 Meyi 1969, limene lidayamba kugwira ntchito pa 27 Januwale 1980. Ndime 19 mpaka 23 za panganoli zimanena kuti boma likhoza kupatula pokhapokha pangano lenilenilo litaletsa kapena mawuwo atasemphana ndi cholinga chake. Zimanenanso kuti dziko limene lakhala chete kwa miyezi 12 litauzidwa za mawu opatula limatengedwa kuti lawavomera. Zimati ndime yopatulidwa imafooka mbali zonse ziwiri, kwa wopatula ndi kwa mnzake yemwe. Zimatinso boma likhoza kuchotsa mawu ake nthawi iliyonse popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Dziko la Zambia lidasaina pangano la ku Vienna koma silidalitsimikize, pamene Malawi adalowamo mu 1983, komabe mfundo zake zambiri zimatengedwa ngati mwambo womanga mayiko onse.

Pangano la othawa kwawo, limene lidakhazikitsidwa ku Geneva pa 28 Julayi 1951, patangopita miyezi iwiri uphungu wa khoti la ku The Hague utaperekedwa, lidapewa mkanganowu podzilembera lokha malire. Ndime 42 imatchula zimene palibe boma lingapatule, ndipo zina mwa izo ndi tanthauzo la munthu wothawa kwawo, kusasankha anthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena dziko lochokera, ufulu wopembedza, ufulu wokadandaula ku khoti, ndi ndime 33 imene imaletsa kubweza munthu kumene moyo wake uli pachiswe. Zotsala zonse, monga ntchito, maphunziro, katundu, kuyenda ndi zikalata za ulendo, zidasiyidwa poyera kuti boma lililonse lisankhe. Olemba panganoli adatchinjiriza khomo lolowera, koma za mmene munthu adzakhalire atalowa adazisiya m'manja mwa womulandira.

Ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland, amene lero ndi Zambia ndi Malawi, panganoli lidafika kudzera mwa atsamunda, pamene boma la Britain lidalifalitsira ku chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1960. Mayiko awiriwa atalandira ufulu mu 1964 adayenera kusankha chochita ndi mapangano amene adawapeza atasainidwa kale m'dzina lawo, ndipo apa adasiyana njira. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidadzipatsa nthawi yowaunika, ndipo mu 1968 lidadziwitsa mlembi wamkulu kuti silikufuna kumangidwa ndi pangano la othawa kwawo. Boma la Dr Kenneth Kaunda lidalengeza mu 1965 kuti lidzatenga mapangano akale ngati akugwirabe ntchito kufikira litaunika lililonse palokha, ndipo pa 24 Seputembala 1969 lidatsimikiza kuti lalandira pangano la 1951 ngati cholowa, n'kulowanso m'chiwonjezero chake cha 1967, chimene chidachotsa malire akale oti panganolo linkakhudza okhawo othawa zochitika za chaka cha 1951 chisanafike.

Munthu sangamvetse mawu opatula a Zambia ngati sayang'ana chaka chimene adalembedwa. Dzikoli lidali lisanakwanitse n'komwe zaka zisanu lili pa ufulu, ndipo lidazunguliridwa ndi nkhondo: ku Angola ndi ku Mozambique Apwitikizi ankamenyana ndi omenyera ufulu, ku Rhodesia boma la Ian Smith lidali litadzilengeza lokha kukhala loima palokha pa 11 Novembala 1965, ndipo Namibia idali m'manja mwa South Africa. Mu Epulo 1969 atsogoleri a mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa adakumana mu Lusaka n'kutulutsa chikalata chotchuka cha Lusaka Manifesto chotsutsa ulamuliro wa tsankho. Kumapeto kwa Juni chaka chomwecho asilikali a Apwitikizi adaphulitsa mudzi wa Lote m'boma la Katete, ku chigawo cha Kum'mawa, ndipo pa 28 Julayi khonsolo ya chitetezo ya United Nations idadzudzula Portugal pa chiwembucho. Pa 10 Seputembala mayiko a mu Africa adakhazikitsa pangano lawolawo la othawa kwawo ku Addis Ababa, limene limalangiza kuti anthu otere azikhazikidwa kutali ndi malire a dziko limene achokera, ndiponso kuti asaloledwe kuchita zoukira boma lina. Patangopita masabata awiri, Zambia idapereka mawu ake.

Mawuwo adakhudza ndime zinayi. Ndime 17 imanena za ntchito yolipidwa, ndipo gawo lake lachiwiri limamasula magulu atatu a othawa kwawo ku zoletsa zimene boma limaikira alendo pofuna kuteteza ntchito za nzika zake, amene ndi munthu amene wakhala m'dzikomo zaka zitatu, munthu amene mkazi kapena mwamuna wake ndi nzika, ndi munthu amene ali ndi mwana yemwe ndi nzika. Zambia idati ngakhale anthu amenewa adzafunikabe chiphaso chogwirira ntchito, ndipo othawa kwawo sadzaposa alendo ena onse pa nkhani ya ntchito. Ndime 22, imene imafuna kuti mwana wothawa kwawo alandire maphunziro a pulayimale mofanana ndi mwana wa nzika, Zambia idati idzaitenga ngati malangizo chabe. Pa ndime 26, ya ufulu wosankha pokhala ndi kuyenda momasuka, boma lidadzisungira mphamvu yosankhira othawa kwawo malo okhala. Pa ndime 28, ya zikalata za ulendo, lidati silidzakakamizidwa kulemba lonjezo lomulola munthu kubwerera ku Zambia ngati dziko lina lavomera kale kumulandira. Mawu onsewa adali ololedwa ndi ndime 42, ndipo palibe angawanene kuti adaphwanya lamulo.

Chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Refugees (Control) Act la 1970, limene lidasandutsa mphamvu yosungidwayo kukhala chizolowezi cha tsiku ndi tsiku: wothawa kwawo ankayenera kukhala m'malo osankhidwa, ndipo kutulukamo popanda chilolezo udali mlandu. Mayukwayukwa, ku chigawo cha Kumadzulo, adali atatsegulidwa kale mu 1966 chifukwa cha anthu a ku Angola. Meheba, dera la masikweya kilomita oposa 700 ku chigawo cha Kumpoto chakumadzulo, adatsatira mu 1971. Ndipo Ukwimi, m'boma la Petauke, adatsegulidwa mu 1987 kuti alandire anthu a ku Mozambique, ambiri a iwo ochokera ku Tete, amene chinenero ndi miyambo yawo sizinkasiyana kwenikweni ndi za eni mudzi amene adawalandira. Tiyenera kunena mwachilungamo kuti malowa adali midzi yolima kumene banja linkapatsidwa munda, ndipo pa nkhaniyi Zambia idachita bwino kuposa mayiko ambiri olemera.

Mu Lusaka mwenimweni mphamvu yosankha malo okhala idaonekera mwa njira ina. Boma lomwelo limene linkatumiza alimi a ku Angola ku Meheba lidatsegulira mzinda wake atsogoleri a zipani zomenyera ufulu, kotero kuti likulu la ANC ya ku South Africa lidakhala mu Lusaka kwa zaka zambiri, ndipo nyumba imene mtsogoleri wake Oliver Tambo ankakhala ku Chelstone idasandutsidwa malo osungira mbiri ya dziko mu 2017. Kuchereza kumeneku kudali ndi mtengo wake wa magazi. Herbert Chitepo wa ZANU adaphedwa ndi bomba la m'galimoto ku Chilenje pa 18 Malichi 1975. Ndege za Rhodesia zidaphulitsa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa mzindawu, pa 19 Okutobala 1978. Mu Epulo 1979 asilikali a Rhodesia adagumula nyumba ya Joshua Nkomo, mmodzi mwa atsogoleriwo, pafupi ndi State House. Ndipo pa 19 Meyi 1986 ndege za South Africa zidaukira malo a othawa kwawo ku Makeni. Boma limene lidaona zonsezi lidali ndi chifukwa chomveka chofuna kudziwa mlendo aliyense kumene wagona.

Malawi adalowa m'pangano la 1951 mochedwa, pa 10 Disembala 1987, anthu a ku Mozambique akukhamukira m'maboma a Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza mpaka chiwerengero chawo chidadzapitirira miliyoni imodzi, ndipo adapatula ndime zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo za ntchito, maphunziro, katundu, mabungwe, kuyenda ndi unzika. Anthu a ku Mozambique adabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992, koma mawu opatulawo adatsalira, ndipo adagwera anthu ena amene sadalembedwere iwo, a ku Rwanda, Burundi ndi Congo, amene kuyambira 1994 akhala akusungidwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, pa malo amene kale padali ndende ya akaidi a ndale. Msasawu udakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma udadzasunga oposa 50,000. Mu Meyi 2023, pamene apolisi ndi asilikali adagwira othawa kwawo amene ankachita malonda mu Lilongwe n'kuwabwezera ku Dzaleka, boma lidatsamira pa lamulo lake loti anthuwa azikhala mumsasa, limene mawu opatula a ndime 26 amalitchinjiriza.

Apa m'pamene kufooka kwa dongosolo la ku Vienna kumaonekera bwino. Dongosololo lidamangidwa poganiza kuti mayiko adzalonderana okha, popeza amene wapatula ndime amatayanso phindu la ndimeyo kwa anzake, ndipo pa mapangano a malonda kapena a akazembe zimenezi zimagwiradi ntchito. Koma m'pangano la ufulu wa anthu wolandira phindu ndi munthu wamba, ndipo dziko la Sweden silingabwezere Zambia pomana ana othawa kwawo sukulu ku Stockholm, choncho mayiko ambiri amangokhala chete, miyezi 12 n'kutha, mawuwo n'kukhazikika. Makhoti ndi makomiti ena adayesa kutseka mpatawu: khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, pa mlandu wa Belilos mu 1988, lidataya mawu opatula a Switzerland n'kunena kuti dzikolo likumangidwabe ndi ndime yonse, ndipo komiti ya ufulu wa anthu ya United Nations idanena mu 1994 kuti ili ndi mphamvu yoweruza mawu otere, zimene United States, Britain ndi France adazitsutsa. Mu 2006 khoti la ku The Hague lidakana kuweruza dandaulo la Congo lotsutsa Rwanda pansi pa pangano loletsa kupulula mtundu, chifukwa Rwanda idali itapatula ndime 9. Buku la malangizo limene International Law Commission idamaliza mu 2011, pambuyo pa ntchito ya zaka zambiri ya Alain Pellet, limalimbikitsa mayiko kuunikanso mawu awo opatula nthawi ndi nthawi, koma silikakamiza aliyense. Mawu opatula alibe tsiku lothera.

Kwa munthu wothawa kwawo amene akufuna kukhala mu Lusaka, zonsezi zimathera pa mapepala. Kuti atuluke ku Meheba, ku Mayukwayukwa kapena ku Mantapala, malo amene adatsegulidwa m'boma la Nchelenge anthu a ku Congo atathawa nkhondo mu 2017, ayenera kutenga chiphaso cha masiku owerengeka kwa ofisala woyang'anira malowo. Kuti akhazikike mu mzinda ayenera kulandira chilolezo ku ofesi ya Commissioner for Refugees, ndipo zifukwa zovomerezeka ndi zochepa, monga matenda ofuna chipatala chachikulu, maphunziro, chitetezo kapena ntchito, pamene ntchitoyo imafunanso chiphaso cha ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, chimene mtengo wake munthu wogulitsa tomato kapena wosoka zovala pa msika wa Kabwata sangaukwanitse. Amene alibe mapepalawa amakhala mobisala m'makomboni, ndipo akagwidwa amatsekeredwa kapena kubwezedwa ku malo osankhidwa. Mu Epulo 2016, mphekesera zitafala zoti alendo ndiwo ankapha anthu mwa zizimba, magulu a anthu adathyola mashopu a anthu a ku Rwanda m'makomboni monga Zingalume ndi George, ndipo mazanamazana adathawira ku tchalitchi cha Katolika cha St Ignatius ku Rhodes Park, kumene Pulezidenti Edgar Lungu adakawaona. Chipolowecho sichidayambitsidwe ndi mawu a 1969, koma munthu amene kukhala kwake mu mzinda kuli kokayikitsa pamaso pa lamulo amaopa kupita ku polisi ngakhale shopu yake ikuthyoledwa.

Akale adati mlendo ndi mame, ndipo malamulo a 1969 ndi 1970 adalembedwa ndi mtima womwewo, woti nkhondo zidzatha ndipo anthu adzabwerera kwawo. Ku Mayukwayukwa kudabadwa ana ndi zidzukulu amene Angola sadamuonepo. Boma la Zambia lenilenilo lidavomereza zimenezi mu Disembala 2011, pamene lidalonjeza kupatsa anthu 10,000 a ku Angola chilolezo chokhazikika, ndipo pambuyo pake lidawonjezerapo anthu 4,000 a ku Rwanda, udindo wawo wa othawa kwawo utathetsedwa mu 2012 ndi 2013. Lamulo la Refugees Act la 2017 lidafafaniza la 1970 n'kutchula maufulu angapo amene lakale silinkawadziwa, koma lidasunga malo osankhidwa ndi ziphaso. Mu 2022 boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema lidachotsa malipiro m'sukulu za boma kuyambira ku mkaka mpaka ku sekondale, ndipo ana othawa kwawo akhala akuphunzira m'makalasi amodzi ndi ana a nzika kwa zaka zambiri. Kumayambiriro kwa 2024 boma lidakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lonse ya othawa kwawo, koma pa nthawiyo mawu anayi aja adali akadalipo m'kaundula wa United Nations monga adalembedwera.

Kuchotsa mawu opatula si chinthu chachilendo m'chigawo chino. Malawi atalowa m'pangano lothetsa tsankho kwa amayi mu 1987 adanena kuti sadzamangidwa ndi ndime zofuna kuthetsa msanga miyambo ina yozika mizu, dziko la Mexico lidatsutsa, ndipo mu Okutobala 1991, boma la chipani chimodzi likadali pampando, mawuwo adachotsedwa. Ndime 42 ya pangano la othawa kwawo imanena momveka kuti kalata yopita kwa mlembi wamkulu ndi yokwanira. Amene amateteza mawu a Zambia amatchula kusowa kwa ntchito pakati pa achinyamata a mu Lusaka, kuchepa kwa malo m'misika ndi kutsika kwa thandizo lochokera kunja, ndipo nkhawa zimenezi ndi zenizeni. Komabe gawo lachiwiri la ndime 17 limakhudza okhawo amene akhala zaka zitatu kapena ali pa banja ndi nzika kapena abereka nzika, anthu amene ndi apongozi ndi makolo a eni dziko. Ndipo ndime 26 payokha imalola kale boma kuika malamulo a kayendedwe amene amakhudza alendo onse mofanana, kotero kuti kuchotsa mawu opatula sikungalisiye boma lopanda mphamvu.

Mu 1969 mphamvu yolowa m'mapangano idali m'manja mwa pulezidenti ndi nduna zake, koma malamulo oyendetsera dziko atasinthidwa mu 2016, ndiponso lamulo la Ratification of International Agreements Act litakhazikitsidwa chaka chomwecho, Nyumba ya Malamulo idapatsidwa udindo wovomereza mapangano a mayiko asanatsimikizidwe. Nkhondo zimene zidabala mawu a 1969 zidatha: Mozambique ndi Angola adalandira ufulu mu 1975, Zimbabwe mu 1980, Namibia mu 1990, ndipo South Africa idachita chisankho cha anthu onse mu 1994. Mawu a pa ndime 22 akutsutsana ndi zimene sukulu za boma zikuchita kale, ndipo a pa ndime 17 akulanga mabanja amene ali ndi nzika za Zambia m'kati mwake, choncho awiriwa ayenera kuchotsedwa mosazengereza. Pa ndime 26 ndi 28, aphungu a Nyumba ya Malamulo ayenera kuitana nduna za m'dziko ndi za kunja kuti zifotokoze poyera ngozi yeniyeni imene mawuwa akuteteza lero, ndipo ngati palibe, nawonso achotsedwe.